Humber ya 1954 yochokera ku Ntcheu: mmene ndinaikonzera, zimene ndinasintha ndi mmene inagulitsidwira

Njinga ya mu lipotili ndi Humber yachimuna, yakuda, ya matayala a 28 x 1½. Mabuleki ake ndi a zitsulo osati a waya. Kumbuyo ili ndi habu (chitsulo cha pakati pa wilo chimene masipoko amamangidwapo) ya magiya atatu ya Sturmey-Archer, ndipo habu ya kutsogolo ndi ija imapanga yokha magetsi a nyali, yotchedwa Dynohub. Inachokera m'mudzi wina ku Ntcheu, kumene inakhala zaka zambiri ili chipachikire kudenga la khitchini. Mwini wake anamwalira kalekale. Amene anandipeza ndi mdzukulu wake, mayi amene timapemphera mpingo umodzi kuno ku Zomba, ndipo funso lake linali limodzi: banja likufuna ndalama ya feteleza, ogula zitsulo zakutha afika kale pakhomo ndi sikelo yawo, kodi njingayi singagulitsidwe mtengo woposa wa pa kilo?

Kukonza njinga zakale si ntchito imene ndimadyera. Ndimachita madzulo ndi Loweruka m'kashedi ka kuseri kwa nyumba, ndipo ndikagulitsa imodzi ndalama yake imathera pa ina. Ndalemba lipotili mwatsatanetsatane chifukwa njinga za mtundu uwu zimene ndaziona zitawonongekeratu, zambiri sizinaphedwe ndi dzimbiri. Zinaphedwa ndi munthu wa mtima wabwino amene anafuna kuzikonza tsiku limodzi.

Pangano ndi eni njinga

Ndisanakhudze nati ngakhale imodzi, ndinafuna kudziwa amene ali ndi mawu pa njingayo. Katundu wa malemu amadanitsa abale, ndipo njinga yogula kwa mdzukulu mmodzi ikhoza kudzakubweretsera mlandu pakhomo chaka chamawa. Ndinapita kumudziko kukaonana ndi mwini mbumba, bambo wachikulire ndithu. Nditawapatsa moni ndinafunsa kuti, "Bambo, kodi ana a malemu onse akudziwa kuti njingayi ikuchoka pakhomo pano?" Iwo anati, "Achimwene, takhala pansi tonse. Chimene sitikufuna n'choti ikasungunulidwe ngati poto wobooka."

Tinalemba kalata yokhala ndi nambala ya felemu, dzina la njinga, ndi mmene tidzagawanire. Zofunika zonse ndigula ndi ndalama yanga, ikagulitsidwa ndichotsapo zimene ndawononga, ndipo yotsalayo magawo awiri ndi a banja, limodzi langa. Anasaina mwini mbumba ndi mdzukulu uja, a nyakwawa n'kuikira umboni. Kalata yomweyi inadzandithandiza pogulitsa, chifukwa wogula wanzeru amafunsa kumene njinga yachokera asanafunse mtengo.

Zaka zake

Abale amati malemu anaigula ku Bulawayo m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Amuna ambiri a kuno ankapita ku Southern Rhodesia nthawi imeneyo, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena paokha, ndipo wobwerako atapata ankadziwika ndi sutikesi, makina osokera, galamafoni kapena njinga. Iyi akuti inabwera pa sitima, njira ija yodzera ku Mozambique n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, ndipo mwini wake anatsikira pa Balaka n'kuipalasa mpaka kwawo. Nkhani ya pabanja ndimailemekeza, koma ndimafuna kuti chitsulo nacho chivomereze.

Pa njinga za ku England za magiya atatu, chitsulo chimayankhula pa habu ya kumbuyo. Kampani ya Sturmey-Archer inkadinda pa chigoba cha habu zilembo za mtundu wake, chaka ndi mwezi. Nditapukuta mwaye ndi parafini panatuluka AW, ndipo pansi pake 54 ndi 7, kutanthauza July 1954. Dynohub ya kutsogolo nayo inadindidwa 54. Habu imodzi yokha ikhoza kunama, poti wilo limasinthidwa, koma ziwiri zikagwirizana ndiye kuti njinga inatuluka nazo ku fakitale.

Kuti ndi Humber yeniyeni ndinadziwira pa zinthu zitatu. Baji ya kutsogolo inali ikadali pa maliveti ake oyamba. Gudumu la mano la pa mapedulo linali lojambulidwa tianthu togwirana manja mozungulira, chizindikiro cha Humber, pamene la Raleigh limakhala ndi mitu ya mbalame ya khosi lalitali. Chachitatu ndi foloko. Mwendo uliwonse wa foloko ya Humber ndi timapaipi tiwiri toonda toyenda pamodzi, osati paipi imodzi, ndipo foloko yotereyi ikathyoka simungakaipeze m'sitolo iliyonse.

Dzinali linachokera kwa Thomas Humber, amene anayamba kupanga njinga ku Nottingham mu 1868. Koma kampani ya Raleigh inagula gawo la njinga la Humber mu 1932, n'kudzagulanso Rudge-Whitworth mu 1943. Choncho Humber ya 1954 inapangidwa mu fakitale ya Raleigh ku Nottingham, pa makina omwewo ndi miyezo yomweyo. Mfundo imeneyi si yongokometsera mbiri. Ndi imene inalamulira theka la ntchito yanga, monga muone pa nkhani ya mazinga.

Mmene ndinaipezera

Mwaye wa m'khitchini unaiteteza kuposa mmene shedi yodontha ikanachitira. Penti wakuda analipo pafupifupi paliponse, ndipo mizere ya golide inkaonekabe pa mapaipi ndi pa madigadi. Matayala anali ouma gwa. Limu la kumbuyo linali litadyeka m'kati mpaka kubooka, la kutsogolo linali ndi timadontho ta dzimbiri chabe. Chikopa cha chishalo cha Brooks chinali chitang'ambika kumphuno, koma masipuling'i ake anali bwino. Waya wa magiya kunalibe, kosinthira magiya ka pa handulo kanalipo koma kouma, ndipo katcheni kakang'ono kamene kamalowa m'habu kanali kataduka. M'malo mwa kotapini wa kumanzere, kachitsulo komangira mkono wa pedulo ku ekiselo yake, munali bawuti yokhomeredwa ndi hamala. Kumbuyo anamangako kaliyala wa zitsulo zomangira nyumba, koma mwamwayi anamumanga ndi mabawuti, sanawotcherere ku felemu.

Felemu ndinaiyesa ndi ulusi. Mumamanga ulusi pamene pamalowa wilo la kumbuyo mbali imodzi, kuuzunguliza pa khosi la felemu kutsogolo, n'kubwera nawo mbali inayo, kenako n'kuyeza mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo uku ndi uku. Mipata iwiriyo inali yofanana. Ndinapapasanso ndi chala kunsi kwa mapaipi awiri kuseri kwa khosi, pamene pamachita kakhwinya njinga ikagunda chinthu chamaso. Panali posalala. Pakanakhala khwinya kapena chipsera cha wowotcherera ndikanawauza abale kuti tingogulitsa ziwalo, chifukwa felemu izi zinalumikizidwa ndi mkuwa wosungunula, ndipo moto wa ndodo zowotcherera za magetsi umafooketsa paipi yake yopyapyala.

Penti

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi anzanga ambiri. Munthu akapeza njinga yakale, maganizo oyamba ndi kuipala ndi sandipepa n'kuipopera penti wa m'chitini kuti iwale. Ikatero imaoneka yatsopano mwezi umodzi, mizere ya golide ndi zilembo za ku fakitale zapita osadzabweranso, ndipo wogula wodziwa njinga amayamba kukayika kuti pansi pa pentiyo mwabisapo chiyani. Penti wa ku Nottingham anali wowotchedwa mu uvuni, wolimba kuposa aliyense amene ndingapake kuseri kwa nyumba.

Ndinatsuka felemu ndi madzi ofunda a sopo, ndinachotsa mwaye womata ndi parafini, kenako ndinapukuta pang'onopang'ono ndi polishi wa galimoto, ndikulambalala mizere ya golide chifukwa imachoka msanga. Pamene panali dzimbiri ndinapala pokhapo, n'kudonthezapo penti wakuda ndi kaburashi kakang'ono. Pomaliza ndinapaka phula la galimoto. M'kati mwa mapaipi ndinathiramo oyilo pang'ono n'kuitembenuza felemu kuti afike ponse. Handulo ndi zitsulo za mabuleki ndinazikwecha ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsa m'madzi, limene limachotsa dzimbiri osakanda kuwala kwa chitsulo. Manati ndi tizitsulo tating'ono tinagona mu viniga, m'mawa n'kutitsuka ndi madzi a soda, kutiumitsa padzuwa ndi kutipaka oyilo nthawi yomweyo. Mukachedwa dzimbiri limabwerera tsiku lomwelo.

Mazinga a Raleigh

Nditachotsa bawuti ija ndi mikono ya mapedulo ndinapeza vuto lalikulu la njingayi. Kapu ya kumanzere, imene imasunga timipira ta ekiselo ya mapedulo, sinali yake. Inali yatsopanoko, yolowa theka, yopendekeka.

Njinga zambiri za dziko lapansi, kuphatikizapo zambiri mwa zimene zadzaza m'misika yathu, zili ndi mazinga 24 pa inchi iliyonse pamalo amenewa. Fakitale ya Raleigh inali ndi muyezo wakewake wa mazinga 26 pa inchi, pa makapu a mapedulo ndi pa khosi la foloko pomwe. Kukula kwa bowo n'kofanana ndithu, ndiye kapu ya pamsika imayamba kulowa bwinobwino, ikazungulira kangapo n'kuuma. Mmisiri wofulumira amati ndi dzimbiri, amawonjezera paipi ku sipanala, ndipo mazinga a felemu amaphwanyika. Amene anakonza njingayi kumudzi anasiyira panjira, mwina sipanala inamukanika, ndipo mazinga oyambirira okha ndi amene anawonongeka.

Mankhwala ake ndi kupeza njinga ina ya ku Nottingham yoti yafa. Kwa wogula zitsulo wina ku Limbe ndinapeza felemu ya Rudge yothyoka pakati, ndipo ndinaigula yonse chifukwa cha makapu ake ndi manati a pakhosi. Phillips kapena Hercules ya zaka za m'ma 1950 sikanathandiza, poti izo zinkapangidwa ku Birmingham pa mazinga 24. Kapu ina yakale ya mazinga 26, yodyeka m'kati, ndinaicheka timipata titatu modutsa mazinga ake kuti ikhale ngati chosemera, ndipo ndinailowetsa ndi oyilo, pang'ono kutsogolo pang'ono kumbuyo, mpaka mazinga a felemu anawongoka. Kapu ya Rudge inalowa ndi zala mpaka kumapeto. Kapu ya kumanja sindinaichotse konse. Inali bwino, ndinaitsukira pomwepo, komanso mazinga ake ndi a kumanzere, amamasukira kumene ena amamangira, ndipo ambiri amaiwononga poikoka mbali yolakwika. Timipira ndi ta kota ya inchi, 11 mbali iliyonse, ndipo ndinaika tatsopano tokhatokha ndi girisi. Pakhosi pamalowa ta 5/32, 25 pamwamba ndi 25 pansi, tosamangidwa m'kakhola, choncho yalani nsalu pansi musanamasule.

Makotapini a njinga za ku England ndi a mamilimita 9.5. A pamsika amalowa, koma mbali yake yosemedwa imafunika kuisalaza ndi tupa kuti igone bwino pa ekiselo, ndipo onse awiri asemedwe mofanana. Wina akaloza kutsogolo wina aloze kumbuyo, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi. Kotapini amakhwima ndi kukhoma kapena kufinya ndi vayisi, mutachirikiza mkono wa pedulo pa paipi yofika pansi kuti nkhonya ya hamala isapite ku timipira. Nati yake ndi yongomusunga. Mukafuna kumukoka ndi nati, mazinga amatha iye asanakhale.

Chinanso, masipanala a mamilimita sagwira bwino manati a njingayi, chifukwa mitu yake ndi ya muyezo wa Whitworth. Amene alibe masipanala otero agwiritse shifiting'i yabwino yothina bwino, osati pulayala.

Habu ya magiya atatu

Mwini mbumba anandichenjeza kuti njingayi ndi yolemera kupalasa, ndipo n'chifukwa chake anyamata anaisiya. Kulemerako kunali ndi chifukwa. Habu ya AW waya wake ukaduka kapena kukhwefuka, sipuling'i ya m'kati imaikankhira ku giya yachitatu, yothamangira pa mtsetse. Katcheni kaja kataduka, njinga inakhala mu giya yapamwamba mpaka tsiku limene inapachikidwa. Aliyense amene anaikwera pambuyo pake ankakwera zitunda za ku Ntcheu ndi giya yolakwika.

Habu imeneyi inayamba kupangidwa mu 1936, ndipo m'kati mwake mulibe zambiri. Pa ekiselo pali kagudumu ka mano 20 kosazungulira. Mozungulira iko muli tina tinayi ta mano 20, ndipo tonseti tili m'kati mwa mkombero wa mano 60. Giya yachiwiri imangolumikiza tcheni ndi wilo mwachindunji. Yachitatu imathamangitsa wilo kuposa sipuloketi (kagudumu ka mano ka tcheni ka kumbuyo) ndi gawo limodzi mwa atatu, yoyamba imalichedwetsa ndi gawo limodzi mwa anayi. Palibe china.

Pophwasula ndinayambira kumanzere kuchotsa nati ndi koni (kachitsulo ka pa ekiselo kamene timipira timazungulirapo), kenako ndinaika chizindikiro pa mkombero wa kumanja ndi pa chigoba ndisanaumasule ndi chitsulo chobuntha ndi hamala, chifukwa mazinga ake ali ndi poyambira pawiri ndipo ndi bwino ubwerere mmene unalili. Zam'kati zonse zimasololoka pamodzi. Munali oyilo wakale wouma ngati phula, ndipo fungo lake linandiuza kuti wina anathiramo mafuta ophikira. Mafuta ophikira amauma n'kumata timano tija timagwira wilo kuti liyende, ndipo tikamata munthu amapalasa mphepo. Zitagona mu parafini zinatuluka zoyera, mano onse athunthu. Ndinasintha tisipuling'i ta timano togwira tokha, toonda ngati tsitsi, pamodzi ndi katcheni ndi waya. Izi anandibweretsera mnzanga wochokera ku Johannesburg. Zimapezekabe chifukwa kampani ya Sun Race ya ku Taiwan inagula Sturmey-Archer mu 2000 ndipo ikupangabe mahabu a magiya atatu. Chiduswa cha katcheni kakale chinali chikadali m'kati, ndipo chinamasuka ndi zala habu ili yophwasula.

Pomanga pali malamulo awiri amene sasintha. Koni ya kumanja imamangidwa ndi zala mpaka kugunda, n'kuibweza theka la kuzungulira, n'kuitsekera pomwepo, ndipo kuthina kapena kukhwepa kwa wilo kumakonzedwa ndi koni ya kumanzere yokha. Lachiwiri ndi la waya. Mukaika giya yachiwiri n'kusuzumira pa kabowo ka nati yaitali ya kumanja, phewa la kandodo ka katcheni lifanane ndi mapeto a ekiselo. Mukaphonya apa, pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pali malo opanda giya, ndipo mapedulo amangopita phululu munthu ataimirira pa chitunda. Amuna ambiri anadana ndi habu imeneyi chifukwa cha tsiku limodzi lotere. Girisi ndinapaka pa timipira ta m'mbali pokha. M'kati mumafuna oyilo wopepuka wa injini, madontho ochepa pa kabowo kake nthawi ndi nthawi.

Dynohub, mawilo ndi mabuleki

Dynohub ndinaitsegula mbali ya timipira yokha. M'kati mwake muli maginito ozungulira koyilo ya waya, ndipo mukasolola koyiloyo popanda kulowetsa mkombero wachitsulo m'malo mwake, maginitowo amafooka nthawi yomweyo. Ndinazichotsa zili pamodzi, n'kuzipukuta kunja, n'kuzibwezera. Nditagunditsa mawaya ake ndikuzunguza wilo panathetheka moto, kusonyeza kuti ili moyo. Wilo la kutsogolo sindinalimasule masipoko, popeza mbali ziwiri za habu imeneyi ndi zosiyana kukula ndipo zimafuna masipoko a utali wosiyana.

La kumbuyo linafunika limu latsopano. Apa ife tili ndi mwayi umene okonza njinga zakale ku Ulaya alibe. Chifukwa cha a kabaza ndi njinga za Hero, Avon, Phoenix ndi zina zotengera kapangidwe komweka ka ku England, matayala, machubu ndi malimu a 28 x 1½ amapezeka pa tauni iliyonse. Njingazi zimakhala ndi masipoko 40 kumbuyo ndi 32 kutsogolo, ndipo limu la ku India la mabowo 40 linakwana. Chenjerani ndi matayala a njinga za kaunjika olembedwanso 28. Ambiri mwa iwo ndi a limu la mamilimita 622, pamene lathuli ndi la 635. Werengani nambala imeneyo pa tayala musanapereke ndalama.

Limu latsopano ndinalimangirira pambali pa lakale ndi tepi, n'kusamutsa masipoko imodziimodzi kuti kalukidwe kasasokonezeke. Zodyeka ndinaika za pamsika, ndipo nsonga zotulukira m'kati ndinazisalaza ndi tupa kuti zisaboole chubu. Kuwongola komaliza ndinapereka kwa mmisiri wa pansi pa mtengo pafupi ndi msika, amene amawongola mawilo a kabaza tsiku ndi tsiku ndipo dzanja lake limaposa langa kutali. Ndinangomupempha chinthu chimodzi: "Achimwene, musamale kwambiri kudumpha kuposa kupepeluka." Mabuleki a zitsulo amakoka mphira m'mwamba kukagwira kumimba kwa limu, osati m'mbali, choncho limu likakhala losazungulira bwino buleki imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, njinga n'kumanjenjemera.

Mphira za mabuleki zimalowa m'tizitsulo totseka mbali imodzi. Mbali yotsekayo iyang'ane kumene limu likupita, apo ayi tsiku lina mphira idzasololoka pa mtsetse.

Chishalo ndinapita nacho kwa wosoka nsapato. Tinadula chikopa chokhuthala cha ng'ombe potengera chakale, kuchiviika m'madzi, kuchiumba pa chitsulo chake, ndipo chitauma tinachikhoma ndi maliveti a kopa. Sichikufanana ndi cha ku fakitale ya Brooks ndipo sindinanamize munthu kuti ndi chomwecho. Chikopa chakale chokhala ndi chidindo ndinachisunga.

Zimene ndinasintha dala

Lamulo langa ndi loti chosintha chilichonse chikhale chotheka kubweza ndi sipanala, popanda kuboola, kucheka kapena kuwotcherera. Pa njingayi ndinasintha zitatu.

Choyamba, ndiponso chimene chinasintha njinga yonse, ndi sipuloketi ya kumbuyo. Inabwera ndi mano 46 kutsogolo ndi 18 kumbuyo. Wilo la 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi 2.25, ndiye kupalasa kamodzi kunkapereka mamita 4.3 mu giya yoyamba, 5.7 mu yachiwiri ndi 7.7 mu yachitatu. Magiya amenewa ndi a misewu yosalala, osati ya ku Zomba kapena Blantyre. Ndinaika sipuloketi ya mano 22, imene imangogwidwa ndi kawaya kozungulira ndipo imachoka ndi sikuludilaiva. Tsopano ndi mamita 3.5, 4.7 ndi 6.3. Giya yachitatu yasanduka yoyendera pamalo athyathyathya, ziwirizo n'zokwerera. Tcheni chatsopano cha 1/8 chinafunika chotalikirapo pang'ono. Pa ndalama zonse zimene ndinawononga, iyi inali yochepetsetsa.

Chachiwiri ndi nyali. Dynohub imapereka mavoti 6 ndi mphamvu yosapitirira mawati 2, ndipo ndi babu lakale kuwala kwake kunali koti anthu akuoneni, osati inu muone njira. M'chigoba cha nyali yakale ndinabisamo LED ndi kadera kakang'ono kowongola magetsi, poti habu imatulutsa magetsi osinthasintha mbali. Kunja sikuoneka kusintha kulikonse. Poyenda pang'onopang'ono imaphethira, mukathamanga imakhazikika.

Chachitatu ndi mphira za mabuleki zokhala ndi kachikopa pakati, zimene zimagwirako bwino pa limu lachitsulo lonyowa. Ndanena kuti zimagwirako. Mabuleki a mtundu uwu pa mvula ndi ofooka, ndipo palibe mphira imene ingawasandutse a njinga zamakono.

Kaliyala wa zitsulo zomangira uja ndinamuchotsa n'kubweza kwa eni ake. Mnzanga wina ankandikakamiza kuti ndiike malimu a aluminiyamu ndi mabuleki a waya. Ndinakana, chifukwa pamenepo ndiye kuti ndikupanga njinga ina, ndipo yotero ndikanaigula yopangapanga pa kaunjika.

Kugulitsa

Njinga imodzi yomweyi inapatsidwa mitengo inayi yosiyana kutalitali, malinga ndi amene akuiyang'ana. Wa zitsulo anaona makilo osafika 20. Mnyamata wa kabaza amene ndinamupatsa kuti ayese anaikonda mmene imayendera, koma mtengo umene anatchula unali wochepera wa njinga ya ku India yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Habu ya magiya ikafa ku Jali kapena ku Mayaka palibe amene ali ndi zosinthira, foloko ya timapaipi tiwiri sangaidalire ndi matumba a makala, ndipo iye akanachotsa zonsezo tsiku loyamba n'kuika fuliwilo wamba ndi kaliyala wowotcherera. Kwa iye zimene ine ndinavutikira ndi zopinga.

Nditaika zithunzi pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kunabwera anthu a mtundu wachitatu, ofuna njinga yoimika pakhomo la malo odyera kapena yojambulira zithunzi za ukwati, maluwa ali mu basiketi. Iwo amalipira bwinoko, koma funso lawo loyamba linali loti kodi ndingaipake penti woyera. Wina anandilangiza kuti ndiitumize ku England kumene inachokera. Kumeneko njinga za Raleigh za magiya atatu zidakali zambirimbiri m'magalaja a anthu ndipo sizidula, kotero mtengo wotumizira wokha ukanadya phindu lonse. Panalinso njira yophwasula. Dynohub, baji, gudumu la tianthu ndi foloko, chilichonse pachokha, zikanabweretsa ndalama yoposa ya njinga yathunthu. Ndinawafotokozera abale zimenezi poyera popeza ndalama ndi yawo, ndipo mwini mbumba anati ipite yamoyo.

Pa chilengezo ndinalemba zonse: chaka cha pa mahabu, zimene zili zoyambirira, limu la ku India, chikopa chosokedwa kuno, kapu yochokera ku Rudge, sipuloketi ndi LED. Ndinajambula ngakhale timadontho ta dzimbiri ta pa limu la kutsogolo. Ogulitsa ena amaona ngati kutero n'kudzigwetsera mtengo, koma ine ndaona kuti wodziwa njinga akapeza yekha chinthu chimodzi chimene simunanene, amayamba kuchotsera pa chilichonse.

Anaigula mphunzitsi wina wopuma ntchito wa ku Blantyre, amene bambo ake anali ndi Raleigh ya mtundu womwewu. Anafika, anagwada n'kuwerenga chidindo cha pa habu, anawerenga kalata ya ku Ntcheu, kenako anaikwera kukazungulira nayo chitunda cha kufupi ndi kwathu. Pobwera anangofunsa kuti, "Bambo, sipuloketi yakale ija muli nayo?" Ndinamupatsa katoni momwe munali sipuloketiyo, chikopa cha Brooks, babu lakale ndi limu lobooka lomwe. Tinanenerera pang'ono, ndipo tinagwirizana mtengo wofanana ndi wa njinga ziwiri zatsopano za ku India. Zogula zanga zonse zinali pafupifupi theka la mtengo wa njinga imodzi yotero. Gawo la banja linakwanira feteleza amene ankafuna. Gawo langa, ndikaliwerengera pa maola amene ndinakhala m'shedi, ndi lochepera la waganyu wolima m'dimba, ndipo amene akufuna kulowa m'zimenezi kuti alemere adziwiretu.

Wogulayo ndinamulembera kapepala ka zoyenera kuchita: oyilo wa injini m'habu ya kumbuyo osati wophikira, kuona phewa la kandodo mu giya yachiwiri akabwezera wilo, kuyamba kugwira mabuleki patali kukagwa mvula, ndiponso kusalola mmisiri aliyense kulowetsa kapu kapena nati ya pakhosi ya pamsika. Limu la kutsogolo lidzafuna kusinthidwa m'tsogolo muno dzimbiri likadzalowa m'kati, ndipo tinapangana kuti adzabwere nalo kuno, masipoko ake asadulidwe, chifukwa a mbali ya Dynohub ndi aafupi ndipo pamsika sapezeka.